Mazenera a Nyumba Yanu: Mthunzi, Kuwala ndi Mpweya

Amayi ndi abambo a m'dera la minda ya tiyi kuno ku Thyolo, lero tikambirane za mazenera.

Masiku ano anthu akumanga nyumba zazikulu za mazenera aakulu a galasi ku Bvumbwe, ku Luchenza ndi pa boma. Dzuwa la Okutobala ndi Novembala likaomba pa magalasiwo, m'nyumba mumatentha koopsa. Khanda limatuluka thukuta kwambiri ndi kutaya madzi m'thupi, ndipo okalamba amasowa tulo. Pofuna kuchepetsa vutoli, ena akumata pa magalasi pepala lakuda la pulasitiki lotchedwa tinti, longa lija timaona pa magalimoto.

Kodi tinti ndi wabwino? Ubwino ali nawo. Amachepetsa kutentha kolowera pa galasi ndi kuwala kothobwa m'maso. Tinti wabwino amatchinganso cheza cha dzuwa chimene chimawononga khungu, choncho angathandize banja limene lili ndi mwana wachialubino.

Koma tinti salowetsa mpweya. Tizilombo ta chifuwa chachikulu timauluka mu mpweya wodwala akamakhosomola, ndipo m'chipinda chotseka timakhalitsa kufikira wina atatipuma. Nyumba yozizira bwino koma yotseka usana wonse ndi msampha kwa ana anu.

Kumbukiraninso kuti kwathu kuno sikutentha chaka chonse. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, timatha masiku angapo osaona dzuwa. Nyumba ya magalasi akuda imakhala ya mdima ndi yachinyezi, makoma amachita chuku, ndipo odwala mphumu amavutika. Katani mumalitsegula dzuwa likasowa, koma tinti simungamate ndi kumatula potsata nyengo.

Taonani nyumba zakale za m'maesiteti monga Satemwa, imene inayamba mu 1923. Zili ndi khonde lalikulu lotchinga dzuwa lisanafike pa galasi, pamene mazenera ali otsegula ndipo mphepo ikulowa. Nzeru imeneyi ikugwirabe ntchito.

Tsono pomanga kapena pokonza nyumba tsatani izi:

1. Yambani ndi mthunzi wakunja. Talikitsani denga, mangani khonde, ndipo bzalani mitengo kumadzulo kwa nyumba.

2. Ngati mufuna tinti, matani pa mazenera oyang'ana kumadzulo, amene amalandira dzuwa loswa mtengo la masana. Sankhani wosada kwambiri kuti ana aziona bwino powerenga.

3. Funsani mmisiri wodziwa ntchitoyi, pakuti tinti wakuda amatenthetsa galasi ndipo lina limang'aluka.

4. Chipinda chilichonse chikhale ndi zenera lotseguka. Litseguleni m'mawa uliwonse, ngakhale m'nyengo yozizira.

5. Ikani waya wa sefa pa mazenera kuti udzudzu usalowe, ndipo nonse muzigona m'masikito.

6. Musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba. Mpweya wake sununkha koma umapha.

Wina pabanja panu akakhosomola kwa masabata awiri, musazengereze. Pitani naye ku chipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo kapena ku chipatala chilichonse chapafupi kuti akamuyeze. Chifuwa chachikulu chimachizika ngati wodwala amwa mankhwala mpaka kumaliza.

Kambiranani zimenezi ndi anansi anu.