Mphunzitsi Adziwe Mwana Aliyense
(Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa nthambi)

Lero tinena za aphunzitsi a ana aang'ono, makamaka za maphunziro amene iwo eni alandira asanapatsidwe choko.

Mukumbukira chaka cha 1994, pamene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi amene anali asanaponde ku koleji. Chaka chomwecho ku Salamanca, m'dziko la Spain, maboma 92 anapangana kuti mwana wolumala aziphunzira pamodzi ndi anzake pa sukulu ya kwawo. Chitseko chinatsegulidwa ndithu. Koma amene aimirira kutsogolo kwa anawo, anam'konzekeretsa ndani?

Taganizani kalasi ya Sitandade 1. M'menemo muli mwana amene khutu lake lidatuluka mafinya, ndipo samva bwino. Mphunzitsi wosadziwa ayesa kuti ndi mwano, nam'kalipira. Wodziwa amuika kutsogolo, nalankhula moyang'anana naye kuti mwana aone milomo, osati atatembenukira ku bolodi. Mwana wachialubino maso ake saona patali. Afunika malo a kutsogolo, zilembo zikuluzikulu, chipewa ndi mthunzi. Nanga wakhunyu akagwa? Anzake athawa, ati awapatsira. Khunyu sipatsirana ai. Mphunzitsi achotse zinthu zimene zingam'pweteke, amgoneke cham'mbali, ndipo asamuike kanthu m'kamwa. Palinso uja wochangamuka, amene amaliza msanga nayamba kusautsa anzake chifukwa wasowa chochita. Zonsezi sizilira ndalama, abale. Zilira kuti mphunzitsi akhale atauzidwa.

Amishoni anayamba kale kuphunzitsa ana osaona ku Chilanga m'boma la Kasungu ndi ku Lulwe m'boma la Nsanje. Osamva aphunzira ku Mua, ku Embangweni ndi ku Mary View. Koleji ya Montfort ku Nguludi yakhala ikusula aphunzitsi odziwa zilembo za Braille ndi chinenero chamanja. Ntchito imeneyo tiiyamika. Koma sukulu zimenezi n'zowerengeka, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi sitingam'lekanitse ndi amake chisawawa. Ambiri adzakhala pa sukulu ya pamudzi pano, m'manja mwa mphunzitsi wamba.

Chifukwa chake ife tinena kuti aliyense wolowa ku koleji ya aphunzitsi, kaya ku Kasungu, ku Machinga kapena ku Bembeke, asatulukeko asanagwirepo pepala la Braille ndi zala zake, asanadziwe kupereka moni ndi manja. Za m'buku zokha sizikwanira. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, akhaleko masabata angapo pambali pa mphunzitsi wa ana olumala. Tisaiwalenso alezi a ku mkombaphala, amene ambiri agwira ntchito modzipereka. Iwo ndiwo ayamba kuona mwana wochedwa kulankhula, tsono nawonso aphunzitsidwe.

Tsopano mbali yathu. Tisanakumanenso, mudzi uliwonse uwerenge ana amene makolo awasunga m'nyumba chifukwa cha ulumali. Osawakalipira makolowo, ambiri aopa kusekedwa. Alembi a nthambi alemba chiwerengero, ndipo tikapita nacho kwa ahedi ndi a komiti ya sukulu, kuti akapemphe mlangizi wa maphunziro wa zoni yathu atumize munthu wodzaphunzitsa aphunzitsi athu teremu isanayambe.