Venice: Mzinda Womangidwa pa Madzi

 Lero tinyamuka ulendo wa kutali. Aphunzitsi, tambasulani mapu a ku Ulaya, ndipo mwana mmodzi aloze dziko la Italy, lija looneka ngati nsapato yaitali. Kumpoto cakum'mawa kwa dzikolo, m'mphepete mwa nyanja ya Adriatic, kuli mzinda wa Venice.

Mzinda umenewu unamangidwa pa tizilumba 118, ndipo maulalo oposa 400 ndiwo alumikiza tizilumbato. M'malo mwa miseu muli ngalande za madzi. Galimoto zimalekeza pakhomo pa mzinda. Kucokera apo munthu ayenda pansi kapena akwera bwato. Odwala atengedwa pa bwato, zinyalala zicotsedwa pa bwato, ndipo alendo akonda kukwera bwato lakuda, lalitali, lochedwa gondola, limene munthu mmodzi apalasa ali ciriri ndi nkhafi imodzi yokha.

Mwina mufunsa kuti, nanga nyumba za miyala ziima bwanji pa matope? Anthu oyamba kukhalako anali othawa nkhondo za kumtunda m'zaka za m'ma 400 ndi 500. Ana ao atafuna nyumba zolimba, anakhoma mitengo zikwizikwi m'matope kufikira pa dothi louma, nayala matabwa ndi miyala pamwamba pake. Mtengo wokwiririka m'matope otere suola msanga, cifukwa mpweya sufikako. Motero nyumba zimene mlendo aona lero zatsamira pa nkhalango yobisika pansi pa madzi.

Cuma ca mzindawu cinayamba ndi mcere ndi nsomba. Pambuyo pake zombo zao zinayamba kubweretsa tsabola ndi nsalu za silika kucokera kum'mawa, nazigulitsa ku Ulaya konse. Mmodzi wa ana a mzindawu, Marco Polo, ananyamuka m'caka ca 1271 pamodzi ndi atate wake ndi mbale wa atate wake, nakafika ku China, ndipo anabwerera kwao mu 1295. Mtsogoleri wa Venice anali kuchedwa Doge. Caka ciri conse iye anali kukwera bwato lacifumu, Bucintoro, kukaponya mphete m'nyanja monga cizindikiro cakuti mzinda ndi nyanja ali pa ukwati. Inu amene munaona bwato la Nalikwanda pa mwambo wa Kuomboka mungathe kuganizira ulemerero wa tsikulo. Ulamuliro wa a Doge unatha mu 1797, pamene Napoleon analanda mzindawu.

Tiyeni tsopano tiime pa bwalo lalikulu la San Marco. Patsogolo pathu pali chalichi ca Marko Woyera, kumene anthu a ku Venice akhulupirira kuti kuli mafupa a mlembi wa Uthenga Wabwino, amene amalonda awiri anatenga ku Alexandria, m'dziko la Egypt, mu 828. Mukalowa, kwezani maso. Denga ndi zipupa zakutidwa ndi zithunzi zopangidwa ndi timagalasi ting'onoting'ono, tambiri ta ito tokhala ndi golidi m'kati, timene amisiri anamata kamodzikamodzi kwa zaka mazanamazana. Pafupi pomwepo pali nyumba yacifumu ya Doge, m'mene muli cithunzi cacikulu ca Paradaiso cojambulidwa ndi Tintoretto, codzaza cipupa conse.

Luso la ku Venice silinathere pa zojambula. Mu 1291 akulu a mzinda anasamutsira ng'anjo zonse za magalasi ku cilumba ca Murano poopa moto, ndipo kufikira lero amisiri a kumeneko auzira mpweya m'galasi losungunuka napanga zikho, nyali ndi mikanda. Antonio Vivaldi, wobadwa mu 1678, anali wansembe ndi mphunzitsi wa zoimbaimba pa nyumba yolerera ana amasiye aakazi, ndipo nyimbo zake zambiri anazipekera ana omwewo. Aphunzitsi, onani m'mene nchito ya m'kalasi ingafikire kutali. Kuyambira 1932 mzindawu ucititsanso cikondwerero ca mafilimu pa cilumba ca Lido, kumene akatswiri ochuka afika pa mabwato atabvala zonyezimira.

Koma madzi amene analemeretsa Venice ndiwonso auopseza. Mzinda unatitimira pang'onopang'ono, ndipo nyanja irikukwera cifukwa ca kutentha kwa dziko. Pa 4 Novembala 1966 madzi anakwera masentimita 194, ndipo pa 12 Novembala 2019 anafika 187, nalowa m'chalichi ca Marko Woyera. Madzi a mcere adya njerwa ndi miyala. Pofuna kuchinjiriza mzinda, boma la Italy linaika zitseko zacitsulo 78 pansi pa madzi, zimene zidzuka nyanja ikakwera. Zinayamba kugwira nchito mu 2020.

Bvuto lina ndi alendo eni ake. Pocuruka alendo, nyumba zinasanduka mahotela, mitengo ya zinthu inakwera, ndipo eni mudzi anayamba kusamuka. Mu 1951 pakati pa mzinda panali anthu pafupifupi 175,000. Pofika 2022 anacepera 50,000. Mzinda wopanda ana opita ku sukulu utsala ngati nkhokwe yokongola yopanda cimanga.

Aphunzitsi, mukatseka wailesi kambiranani ndi ana mafunso awa. Cifukwa ninji mitengo ya pansi pa Venice siiola msanga? Kodi moyo wa ku Venice ulingana bwanji ndi wa anthu a m'madambo a Bangweulu? Nanga mlendo wabwino acita ciani kuti asaononge malo amene wadzaona? Pomaliza, mwana ali yense ajambule gondola irikudutsa pansi pa ulalo.

Tsalani bwino, ana inu, kufikira sabata la mawa.