NKHONDO NDI MAKINA A MPHEPO KU UKRAINE

Nkhani ya lero iri ya makina opanga magetsi ndi mphepo, ndi mabvuto amene nkhondo iwatengera.

Makinawa ali nsanja zazitali zacitsulo, ndipo pamwamba pace pali mapiko atatu. Mphepo ikaomba mapiko azungulira, nazunguza injini yopanga magetsi, imene m'kati mwace muli mawaya ambiri a mkuwa, wonga umene anthu akumba ku Kitwe ndi ku Mufulira.

Dziko la Ukraine linamanga makina ace ambiri kumwera, m'zigawo za Zaporizhzhia, Kherson ndi Mykolaiv, cifukwa kufupi ndi nyanja mphepo siileka. Koma pa 24 February 2022 asilikali a Russia analowa m'dzikolo, ndipo mbali yaikuru ya kumwerayo anailanda msanga. Malo akuru a Botievo, okhala ndi makina 65, anagwa m'manja mwao. M'mwezi wa October caka comweco nduna yoona za magetsi, German Galushchenko, inanena kuti mwa magawo 10 a magetsi a mphepo, 9 anali ataleka.

Si mizinga yokha imene iimitsa nchitoyi. Nsanja ingakhale yamoyo, koma mawaya akaduka magetsi asowa njira yofikira anthu. Akatswiri a maiko ena abwerera kwao, ndipo obwereketsa ndalama aopa kuika cuma cao pamene pakugwa mabomba. Tsono wanchito wamba ndiye atsala wopanda malipiro.

Komabe anthuwo sanataye mtima. Ku Tyligulska, m'cigawo ca Mykolaiv, mtunda wa mamailosi ngati 60 kucokera kumene kunali kumenyana, kampani ya DTEK inayambanso kumanga. Anchito anabvala malaya oteteza ku zipolopolo, nathawira m'maenje pakumva lipenga la cenjezo. M'mwezi wa May 2023 anatsegula malowo ali ndi makina 19.

Nanga anapiriranji cotere? Cifukwa cace ndi ici: nyumba imodzi yaikuru yopanga magetsi ndi malasha, mizinga yowerengeka ingaiphwanye, mzinda wonse nukhala mumdima. Koma makina a mphepo aima motalikirana m'minda. Mdani akagwetsa amodzi, enawo azungulirabe, ndipo nyali za m'zipatala ndi m'nyumba za anthu siziziima zonse.