KWACHA IKAGWA, TISAGWETSE NAYO NYANJA: MAWU A MLANGIZI WA ZA USODZI KWA MAKOMITI A M'MADOKO

Ife alangizi anu tabwera ndi nkhani yomwe ili pakamwa pa aliyense kuchokera ku Mposa ndi Namanja pa nyanja ya Chilwa, ku Chiuta, mpaka m'misika ya Ntaja, Liwonde, Ulongwe ndi Balaka. Nkhaniyi ndi ya kuvuta kwa chuma ndi momwe kwafooketsera anthu a bizinesi zing'onozing'ono.

Tiyambe ndi gwero la vutoli. M'mwezi wa May 2022 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi yomwe inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Ena amati za dola ndi za anthu a m'tauni. Ayi ndithu. Maukonde ambiri, ulusi, mbedza ndi mafuta a galimoto zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi dola. Kwacha ikagwa, ukonde umakwera, ndipo mtengo wa minibasi yonyamula dengu la matemba kupita ku Balaka umakweranso. Pakati pa zonsezi panabwera namondwe wa Freddy mu March 2023, kenako ng'amba ya 2024 yomwe inapsereza chimanga m'minda yambiri.

Tsono taonani momwe wamalonda amapanikizikira. Pa doko amagula modula chifukwa msodzi naye akufuna kubweza za ukonde. Akafika pa msika amapeza ogula omwe ndalama zawo zathera chimanga. Amene ankagula milu itatu akugula umodzi, winanso akungofunsa mtengo n'kudutsa kukagula masamba. Nsomba si njerwa, siyidikira. Ikagona masiku imafumbwa kapena kuphwanyika, ndiye amaigulitsa motchipa. Akatero kawiri katatu, mpamba watha.

Koma chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri si kutha kwa ndalama kokha, ndi kutaya mtima. Munthu akataya mtima saganiziranso za chaka chamawa. Mwini bwato amaleka kulikonza. Wamalonda amaleka kupereka ndalama zoyambira kwa msodzi yemwe wagwira naye ntchito zaka zambiri. Mnyamata amagulitsa maukonde n'kukwera basi ya ku Joni. Mayi yemwe mpamba wake wachepa amakakamizidwa ndi asodzi ena kuti agone nawo kuti apeze nsomba, ndipo tonse tikudziwa matenda omwe amabwera ndi mchitidwe umenewu. Ndipo msodzi wotaya mtima ndi yemwe amamasula neti ya udzudzu pa bedi la ana n'kukakokera matemba, amvekere "za mawa n'za mawa." Kumbukiraninso kuti minda ikakanika, anthu ambiri amathamangira ku nyanja, ndiye zida zimachuluka pomwe nsomba ndi zomwezo.

Neti ya udzudzu imakokolola mazira ndi tiana ta makumba ndi matemba. Zomwe mwadzaza nazo beseni lero zikanadzaza mabeseni ambiri zitakula n'kuswana. Kwacha siili m'manja mwathu, koma nsomba za m'nyanjamu ndi mpamba womwe tingathe kuuteteza tokha.

Sikoyamba kuona zovuta kuno. Mu 1995 nyanja ya Chilwa inauma, mabwato n'kukhala pa dothi long'ambika. Nsomba zotsala zinabisala m'maiwe a m'mitsinje ngati Domasi ndi Likangala. Mafumu, anthu a m'midzi ndi Dipatimenti ya za Usodzi anagwirizana zoletsa katupe m'maiwemo, ngakhale kuti ndiwo zinali zosowa. Madzi atabwerera, nsomba zomwezo ndi zomwe zinadzazanso nyanja. Chaka chomwecho asodzi a ku Chiuta anakhazikitsa makomiti awo n'kuchotsa maukonde a nkacha omwe ankawononga nsomba ndi kudetsa madzi. Lamulo la za usodzi la 1997 linadzavomereza kuti anthu eni ake azitenga mbali posamala nsomba. Makolo athuwa sanadikire kuti chuma chikhale bwino. Anachita zimenezi ali pa umphawi womwewu.

Nanga ife lero tichite chiyani? Tili ndi mfundo zinayi.

Choyamba, tiziwerengera. Musanatchule mtengo, lembani m'kope zonse zomwe mwawononga: kugula nsomba, nkhuni, mayendedwe, chiphaso cha mu msika ndi chakudya cha pa ulendo. Ambiri amaona ngati apindula chifukwa ndalama za m'thumba zachuluka, osadziwa kuti ndalamazo sizingagulenso dengu lomwe lija. Mpamba uzikhala pawokha, za pakhomo pawokha.

Chachiwiri, tipewe katapila. Mwachitsanzo, mukatenga K50,000 kuti mubweze K75,000 pakutha pa mwezi, ndiye kuti K25,000 yoyamba ya phindu lanu ndi ya mwini ndalama, nsomba zigulidwe kapena ayi. Ku banki mkhonde chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana.

Chachitatu, tichepetse nsomba zowonongeka. Kuyanika pa mchenga kumadetsa matemba ndi kutsitsa mtengo. Thandala lokwera, tenti yoyanikira ndi dzuwa, ndi uvuni wosatha nkhuni zambiri powamba mlamba, izi zimabweza ndalama popanda kuwonjezera ukonde ngakhale umodzi m'madzi. Amalonda anayi kapena asanu akaphatikiza katundu n'kutuma mmodzi, mtengo wa mayendedwe umagawanika. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi ndi cha inu a makomiti. Pa nthawi ngati ino mayesero amakula. Wina adzabwera ndi kangachepe kuti mutsinzine pa ukonde wake woletsedwa kapena pa nyengo yotseka nyanja. Komiti ikalandira kamodzi, msodzi womvera malamulo amadziona ngati wopusa, ndipo doko lonse limatsatira. Ndalama za chindapusa zizilembedwa ndi kuwerengedwa poyera pa msonkhano. Kaundula wa asodzi ndi zida azikhala watsopano, alendo azionetsa kalata yochokera ku doko lawo, ndipo amayi azikhala ndi malo mu komiti kuti madandaulo awo azimveka.

Ife sitikulonjezani kuti mitengo itsika mawa. Chomwe tikukupemphani n'chakuti komiti iliyonse ikaitanitse msonkhano wa pa doko mwezi uno, mukakambirane mfundo zinayizi pamodzi ndi mfumu yanu, ndipo zomwe mwagwirizana mukazilembe. Tikamadzayendera madoko tidzafuna kuziona.