Mawu Otsegulira Situdiyo ya Achinyamata

Wapampando wa komiti, mafumu athu, makolo, ndi inu achinyamata amene mwakhetsa thukuta pomanga nyumba ino. Ndikudziwa kuti makolo ena mukamva rap mumati ndi phokoso la ana osamva. Mundilole ndikambe za anyamata awiri a ku Atlanta, ku America, kenako tidule riboni.

André Benjamin ndi Antwan Patton, amene dziko limawadziwa kuti André 3000 ndi Big Boi a gulu la OutKast, anaphunzirira ntchitoyi m'chipinda chapansi chosamalizidwa, kunyumba kwa mayi ake a Rico Wade, amene ankawapangira nyimbo. Ankachitcha Dungeon. Situdiyo yanuyi ndi yooneka bwino kuposa mmenemo. Chimbale chawo choyamba chinatuluka mu 1994, ndipo mu 1995 atapita ku New York kukalandira mphoto ya Source ngati gulu latsopano, anthu anawakuwiza, poti masiku amenewo rap ankaiyesa ya ku New York ndi ku Los Angeles basi. Iwo sanasinthe kalankhulidwe ka kwawo.

Pofika 2003, mitima ya awiriwa inali itayamba kukokera kosiyana. Big Boi ankafunabe rap yothamanga, ya ng'oma zolemera. André ankafuna kuimba ndi mawu osalala, kugwira gitala, kusakaniza funk ndi jazz. Apa ndi pamene magulu ambiri amatha. Iwo anagwirizana kuti aliyense ajambule CD yake, ma CD awiriwo alowe m'chikuto chimodzi, pansi pa dzina limodzi. Ndicho chimbale cha Speakerboxxx/The Love Below, chimene chinatuluka mu Seputembala chaka chomwecho.

Si onse anachilandira ndi manja awiri. Okonda rap ena anadandaula kuti André wawataya. Ena ankati chimbalechi ndi chisudzulo chongobisa. Inenso ndinene zoona, khutu langa limakonda mbali ya Big Boi, ndipo ya André ndimaiona kuti inatalika, nyimbo zina zikanatha kutsala. Koma taonani zimene zinachitika. "Hey Ya!" ya André inakhala pamwamba pa mndandanda wa Billboard Hot 100 kwa milungu 9, ndipo imene inadzaichotsapo inali "The Way You Move" ya mnzake yemweyo. Mu Febuluwale 2004 analandira Grammy ya chimbale chopambana zonse m'chaka, mphoto imene ku hip hop anali atailandirapo ndi Lauryn Hill yekha, mu 1999. Mukamva kuti malonda a chimbalechi anadutsa makope mamiliyoni 10, dziwani kuti ku America chimbale cha ma CD awiri amachiwerenga kawiri, komabe anthu anagula.

Amene ankanena za chisudzulo sanaphonye kwenikweni, chifukwa pambuyo pake awiriwa anangotulutsa chimbale chimodzi, Idlewild, mu 2006. Koma simunawamve akunyozana m'nyimbo. Mu 2014 anakweranso nsanja limodzi, ndipo mu 2025 analowetsedwa mu Rock and Roll Hall of Fame ngati OutKast.

Tsono inu amene muziimba awiriawiri m'nyumba muno, tsiku lidzafika loti mnzako akufuna amapiano pamene iwe ukufuna ng'oma za manganje. Limenelo lisadzakhale tsiku lolandana laputopu. Musanajambule, khalani pansi, mulembe papepala kuti mawu analemba ndani, biti anapanga ndani, ndalama zikabwera mugawana bwanji. Mukatero mupite nazo ku COSOMA mukalembetse. Ndipo imbani mmene mumalankhulira kwanu kuno, musatembenuze lilime kuti mumveke ngati a ku Atlanta.

A komiti, makiyi asamakhale m'thumba la munthu mmodzi, ndipo atsikana apatsidwe maola awo pa ndandanda. Makolo, mwana akati ali ku situdiyo, nthawi zina muzibwera kudzamuona.

Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti situdiyo iyi yatsegulidwa.