COLEMBERA COBVALA SILIVA

M'nyumba zina zakale za ku Matero, zimene zinamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, mukali mabokosi a malata osungidwa kunsi kwa kama. Mwini bokosi akamwalira, abale amalitsegula tsiku logawa katundu, napezamo citupa ca msonkho, makalata omangidwa ndi luzi, tayi wodyedwa ndi njenjete, ndipo pansi peni peni colembera ca inki. Jekete ndi wailesi zipeza eni ace msanga, koma colembera cimapatsidwa kwa mwana kuti aziseweretsa. Cikhalireco, m'masiku a Federation colembera cotere cinali cizindikiro ca munthu wophunzira. Kalaliki wa pa Boma, mphunzitsi, ndi mabalani wa pa mgodi ankacikoloweka m'thumba la pa cifuwa kuti mutu wace uoneke, ndipo Lamulungu masana anansi ankadza kwa iye kuti awalembere kalata ya kumudzi, ku Fort Jameson kapena ku Petauke.

Zambiri mwa zolemberazi nza pulasitiki. Koma cimodzi cimodzi, makamaka cimene cinacokera kwa mmishoni kapena kwa Mzungu wa pa mgodi monga mphatso yotsazikirana, cimakhala cakuda, cobvala citsulo cobooka-booka ngati maluwa kapena ngati maluko a dengu. Citsuloco cikada bii, anthu amaciyesa cacabe. Kudako ndiko kusonyeza kuti mwina ndi siliva, ndipo nchito ya kumbveka pamenepo inali nchito ya mmisiri weni weni.

Zolembera zosunga inki m'mimba mwao zinafala kuyambira caka ca 1884, pamene Lewis Waterman wa ku New York analembetsa ku boma njira yace yotsitsira inki ku nsonga pang'ono pang'ono, mpweya ukulowa pamene inki iri kuturuka. Thupi la colembera ankalipanga ndi mphira youma yochedwa ebonite. Iyo ndi mphira yomweyo ya mateyala, koma yophikidwa nthawi yaitali pamodzi ndi sulfure wambiri, kufikira iuma gwa ngati nyanga ya ng'ombe. Inki siidya mphira imeneyi, ndiponso isemeka bwino pa makina. Cirema cace ncakuti iribe maonekedwe. Ikhala yakuda, kapena yofiira ngati njerwa, kapena ya mawanga a mitundu iwiriyi, basi. Tsono munthu wacuma wofuna kulemekeza mnzace sakadakondwera kupereka kandodo kakuda kofanana ndi ka kalaliki wace. Apa mpamene osula siliva analowa nchito.

Wosula zitini wa ku Chawama kapena ku Kanyama angaizindikire nchito imeneyi msanga kupambana munthu wa mu ofesi, pakuti ciyambi cace ncimodzi ndi ca mlomo wa kheni yothirira dimba. Mmisiri ayamba ndi kuyesa. Amayesa kunenepa kwa colembera pa malo atatu kapena anai, cifukwa thupi lace limanka licepa ca kumapeto. Ngati colembera ciri ca mamilimita 11 m'mimba mwace, siliva wocizungulira afunika mamilimita 35, ndi kuonjezapo pang'ono kaamba ka kucindikala kwa silivayo. Amaceka cipepala ca siliva copyapyala ngati cikhadabo, nacipinda kuti m'mbali mwace mukomane bwino bwino, osasiya mpata wolowa ngakhale tsitsi.

Kusiyana kuyamba pa kuocherera. Wa zitini amalumikiza ndi mtobvu wosanganiza ndi tini, umene usungunuka ndi kacitsulo kofunditsa pa mbaula. Wa siliva sangayerekeze kutero, pakuti mtobvu ukakhudza siliva wa moto umamdya ndi kumsiya ndi zibowo. Iye amalumikiza ndi siliva yemwe, wosanganiza ndi mkuwa ndi zinki, amene afuna moto wa madigiri 700 kapena kuposerapo. Nanga ebonite? Iyo iyamba kufewa pa madigiri 80, madzi asanawire nkomwe. Moto womwe ulumikiza cobvala ndiwo ungaononge wobvalayo. Cifukwa cace nchito yonse ya moto ndi ya nyundo icitikira kutali ndi colembera, pa mpini wa citsulo wosemedwa molingana naco, ndipo colembera cimangogona pa thebulo kudikira, monga mkwati amene telala ali kumsokera suti.

Siliva akamenyedwa-menyedwa amauma, ndipo akamkakamiza amang'ambika. Mmisiri amamfunditsa kufikira afiira pang'ono ngati khala lotsala pang'ono kuzima, namzizitsa, namviika m'madzi a asidi kuti mwaye ucoke, ndipo afewanso. Pa nchito imodzi angatero kangapo. Osula siliva a pa cisumbu ca Ibo ku Mozambique, amene anazolowera kusungunula makobiri akale, amatsuka zosula zao ndi madzi a mandimu, ndipo ziyera mbuu cimodzimodzi.

Cimene cidya masiku ndi kuboola maluwa. Ena amaboola siliva akali cipepala nampinda pambuyo pace, ena amayamba apinda. Mmisiri amalemba cithunzi pa siliva, naboola kabowo ka singano pa malo ali onse ofunika kucotsa. Maceka ace ngoonda ngati ulusi. Amamasula mbali imodzi ya macekawo, nawapisa pa kabowo, namanganso, naceka mozungulira, namasulanso kuti apite pa kabowo kena. Cobvala ca mazenera 60 cifuna kumasula ndi kumanga ka 60, osawerenga maceka othyoka. Atatha, zenera liri lonse alisalaza ndi tupa wamng'ono. Koma nzeru yeni yeni iri pa zimene asiya. Anthu a ku migodi adziwa kuti wokumba akadya mizati yonse pofuna mwala wambiri, denga ligwa. Momwemonso tsamba liri lonse ndi mphukira iri yonse ya pa cobvala ziyenera kugwirana ndi zinzace pa malo awiri kapena atatu. Mmisiri wadyera ndi kukongola akacepetsa milatho imeneyi, kansonga ka tsamba kamatukuka, kakola m'thumba la malaya, ndi kuthyoka mwezi usanathe.

Pali ena saboola konse. Amadzaza cobvala ndi phula lakuda kuti cisaphwanyike, nadinda maluwa pamwamba ndi tizitsulo ndi kanyundo, kumenya kamodzi kamodzi. Nchito yotere ikali kucitika ndi manja ku Birmingham, pa nyumba ya Yard-O-Led imene inayamba mu 1934. Amisiri ena a masiku ano amaumba cithunzi ndi phula la njuci, nacikuta ndi dothi loyera, nasungunula phulalo kuti siliva alowe m'malo mwace. Njira iyi ithandiza kupanga zobvala zambiri zofanana, koma diso lozolowera lizindikira: m'mbali mwa mazenera mumakhala mobuntha, ndipo kuwala sikugwira monga kugwirira pa mkwasa wa maceka.

Tsiku loopsa ndilo lobveka. Mmisiri amafunditsa colembera pang'ono ndi mpweya wotentha, napaka ulimbo wochedwa shellac, nakankha cobvala mosamala. Cikathina, civindikiro ca colembera cimang'aluka pa mlomo, ndipo ebonite yong'aluka njobvuta kuilumikiza. Cikakhwepa, cimazungulira. Zolembera zambiri za zaka zimenezo zimamwa inki ndi kacitsulo ka m'mbali kofinya thumba la mphira m'kati, ndipo zenera la kacitsuloko liyenera kugwa pa malo ace ndendende. Kulakwa kwa theka la milimita kutanthauza kubvula ndi kuyambanso.

Nyumba ya Waterman inapanga zotere zambirimbiri, ndipo inkadinda nambala ku thako kwa colembera. Wopeza nambala 452 adziwe kuti 4 anena siliva, 5 anena kacitsulo komwetsa inki, ndipo 2 ndi msinkhu wa nsonga. Nyumba ya Parker, ya ku Janesville, inaturutsa m'zaka zoyamba za m'ma 1900 colembera nambala 37, cokulungidwa ndi njoka ya siliva ya maso a miyala yobiriwira. Osonkhanitsa zakale amacilimbirana ndi ndalama zambiri, cinkana nkobvuta kuganiza kuti mkuru wa mpingo wa ku Mtendere angalole kuyenda ndi njoka pa cifuwa. Malonda a zobvalazi anazirala kuyambira 1924, pamene Sheaffer anayamba kugulitsa zolembera za celluloid yobiriwira. Thupi litakhala ndi mtundu wace wace, silinafunenso malaya. Pambuyo pace inadza bolopeni: László Bíró analembetsa yace mu 1938, ndipo Bic yochipa inayamba kugulitsidwa mu 1950.

Siliva wa nchito imeneyi ndiye wochedwa sterling, ndiko kuti pa magawo 1,000, magawo 925 ndi siliva, otsalawo ndi mkuwa womlimbitsa. Akuru amene anagwira masheleni a Southern Rhodesia osulidwa kuyambira 1932 kufikira 1942 anamgwira siliva yemweyo m'manja, ndipo akumbukira kulira kwace akamgwetsa pa simenti. Kuyambira 1947 munalibenso siliva m'makobiri amenewo. Pa cobvala ca ku America amangodinda mau akuti Sterling. Ca ku England cimakhala ndi tizizindikiro ting'onoting'ono: mkango woyenda unena kuti siliva ngwa 925, nangula anena kuti anamuyesa ku Birmingham, mutu wa nyalugwe unena London, ndipo cilembo cimodzi cinena caka.

Zina mwa zobvala zoyamba za Waterman zinadindidwa 999, ndipo izi sizinasulidwe ndi nyundo iai. Ankaviika colembera m'madzi a mankhwala, napititsamo magetsi, siliva nadza yekha kudzamatirira pang'ono pang'ono, ndipo pambuyo pace ankaceka maluwa. Ali yense amene anagwirapo nchito pa matanki oyengera mkuwa ku Nkana kapena ku Mufulira aidziwa njira imeneyi, pakuti ndimo mkuwa umasamukira pa cipepala coyera. Adziwanso kuti matope otsalira pansi pa matankiwo sataya, cifukwa muli siliva ndi golidi, ndipo m'masiku a ZCCM ankapita nao ku Ndola kukawayenga. Mgodi wa Broken Hill nao, umene T. G. Davey anaupeza mu 1902 ndipo unatsekedwa mu 1994, unaturutsa siliva wa matani pafupifupi 80 pambali pa zinki ndi mtobvu. Wambiri mwa silivayo anakwera sitima kupita ku maiko ena. Cimene cinatsalira anthu a ku Kabwe ndi pfumbi la mtobvu, limene lapezeka m'magazi a ana ao.

Sikuti manja odziwa citsulo anasowa m'dziko lino. Mu 1960, anthu okumba maziko a thanki ya madzi pa Ingombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu athira m'Zambezi, anapeza manda a zaka zoposa 400, muli mikanda ya golidi, mitanda ya mkuwa, nyundo, mbano, ndi zitsulo za mabowo zokokera waya. Citsulo ca mabowo cotero cikali pa thebulo la wosula siliva ali yense lero. Ndipo woyenda pa mseu wa Alick Nkhata, m'mbali mwa Kalingalinga, aona anyamata akupinda zitsulo za mageti ndi za mazenera kuti zikhale maluwa ndi mphukira, akusamala kuti duwa liri lonse ligwirane ndi linzace. Lamulo lace ndi lomwe lija la mizati. Cosiyana ndi msinkhu wa nchito ndi mtengo wa kulakwa, pakuti woocherera geti akalakwa amadula naika cina, koma colembera ca 1915 siciphukanso.

Tsono banja limene lapeza colembera cotere m'bokosi liyenera kucenjera pa zinthu zingapo. Kuda kwa siliva si dzimbiri. Ndi sulfure wa m'mphira ija amene amamdetsa, ndipo kansaru kofewa kouma kakwanira kumuwalitsa. Phulusa, mcenga, ndi waya wotsukira mapoto zimafuta maluwa pamodzi ndi zizindikiro zija, ndipo zikafutika palibe wodziwanso kumene cinacokera. Asaciviike m'madzi, makamaka otentha, kapena kucisiya pa zenera, pakuti madzi ndi dzuwa zisandutsa ebonite yakuda kukhala yotuwa ngati khaki. Kacitsulo ka m'mbali kakakana kutukuka asakakakamize: thumba la m'kati lauma, ndipo licotsedwa ndi kuikapo lina. Inki ya zidindo kapena ya ojambula mapulani isalowemo, cifukwa imatseka njira.

Ogula zitsulo zakutha, amene amayenda m'makomboni ndi wilibala ndi sikelo, iwo amagula kulemera kokha. Siliva wa pa colembera cimodzi kawirikawiri sapambana kulemera kwa masheleni atatu akale, ndipo kuti amuike pa sikelo ayamba aswa colembera ndi nyundo.