Thandizo Lifike kwa Osamala Nkhalango

Mafumu, atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito za Boma,

Nyanja ya Chilwa inauma m'chaka cha 1995, ndipo inaphweranso mu 2018. Amene anasauka ndi asodzi ndi alimi a mpunga a ku Machinga, anthu amene alibe mafakitale otulutsa utsi woononga nyengo. Nako ku Balaka, dzuwa limapsereza chimanga kawirikawiri.

Kuyambira mu 2010, dziko la Norway linapereka ndalama zothandiza anthu a m'mbali mwa nyanjayi. Ntchito ya thandizolo inatha, koma mavuto akalipo.

Lamulo la Nkhalango la 1997 linapatsa midzi mphamvu zokhazikitsa makomiti osamala zachilengedwe. Makomiti amenewa ndiwo amafesa mbande, kulambula njira zotchinga moto ndi kuletsa kuotcha makala m'nkhalango ya Liwonde. Koma komiti yopanda machubu, makeni ndi wilibala singagwire ntchito.

Motero, ndalama zotere zisamathere m'misonkhano ya m'tauni. Wogwira ntchito za Boma aliyense aonetsetse kuti zafika kumudzi, ndipo msungichuma wa komiti aziziwerenga poyera, pamaso pa mfumu ndi anthu onse.